Ulendo wathu wa ku Kew: maluwa anapsa ndi mpunga

Tinafika ku Kew, munda waukulu wa zomera wa mu London, kukajambula maluwa, aliyense ali ndi pensulo yolimba ya 2H, rula, lezala, galasi lokulitsa kakhumi ndi pepala lochindikala la 300gsm. Tinayambira m'nyumba ya zithunzi za Marianne North, mayi amene ankajambula zomera za m'mayiko osiyanasiyana. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1882. Zithunzi zoposa 800 zathithikana khoma lonse, utoto wake wamafuta, duwa lili pamodzi ndi phiri lakwawo.

Mkangano unabukira pomwepo. Alembi a gulu lathu anati izi n'zokongoletsa chabe, ntchito yeniyeni ndi ya Curtis's Botanical Magazine, magazini ya zithunzi za zomera yoyamba mu 1787, imene ankaipaka utoto pamanja mpaka 1948: duwa lokhalokha papepala loyera, pambali lina litang'ambidwa pakati. Amayi a pampando anakana kwamtuwagalu, akuti North amakuonetsa komwe chomera chimamera. Onse ali ndi mfundo, koma wofuna kuzindikira chomera amafunika chong'ambidwacho.

Tinakumbutsananso za kwathu: John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, ankatumiza zomera ku Kew, ndipo kombe, chomera cha ululu wopaka kumivi uja, analembedwa m'mabuku a sayansi mu 1871.

Tsono nkhani ya maluwa. M'mundamo sathyola kanthu, n'chifukwa chake tinagula athu a lily. Asungichuma anawaika chikwama chimodzi ndi poto wa mpunga ndi nkhuku, wongophula kumene. Potsegula tinapeza atalefuka ngati nkhwani wofutsa. Agogo sanayankhule. Anadula mapesi mopendeka, n'kuviika m'madzi ozizira pamthunzi. Maluwa amene anali patali ndi poto anadzuka. Okhudza chivundikiro anaferatu, poti duwa likapsa ndi nthunzi silibwerera.

Opulumukawo ndi amene tinajambula. Umayamba wayeza ndi rula n'kulemba muyeso pambali, chifukwa duwa limasintha uli chijambulire. Kenako ung'ambe lina m'litali, uwerenge timitu ta ufa wachikasu: lily ali nato 6, ndi kamtengo kamodzi pakati. Utoto wamadzi uyambe wotumbuluka, wakuda pomaliza, ndipo poyera posapaka. Achimwene ena, pothamangira sitima, anapaka wofiira pa wobiriwira wosauma, zinangosanduka matope.

Zikomo agogo chifukwa cha lezala, alembi posunga matikiti, ndi amayi a pampando potigawira mandasi mkangano usanathe. Asungichuma, ulendo wamawa mudzanyamule poto yekha, maluwa tidzanyamula tokha.