Bulaketi yanga yoyamba inang'aluka pa msewu wa ku Nyika

Ndatha miyezi 7 ndikuphunzira zamagetsi a galimoto ndi kuwotcherera pa galaja ina kuno ku Mzuzu, ndipo mwezi watha anandisiyira ntchito yoyamba yoti ndigwire ndekha. Kunabwera Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, imene imakwera ku Nyika kudzera ku Rumphi. Mwiniwake ankafuna nyali ziwiri zobulungira pa bull bar, chitsulo choteteza kutsogolo kwa galimoto, komanso light bar, nyali yaitali yopingasa, ya mawati 120.

Ine maso anga anali pa nyalizo. Madala amene amandiphunzitsa sanazitulutse n'komwe m'bokosi. Anandipatsa katoni ndi sizasi, nandiuza kuti ndiyambe ndadula bulaketi ya katoni, chitsanzo cha kachitsulo kogwira nyali, ndisanakhudze chitsulo. Ndinatero, kenako ndinajambula pa flat bar ya mamilimita 3. Ndinamasula batire kaye kuopa kupsereza zamagetsi za galimotoyo, ndinawotcherera ndi ma rodi a mamilimita 2.5, kusalaza ndi girayinda, n'kupaka red oxide kuti isachite dzimbiri. Nditaigwedeza ndi dzanja inali nga nga nga.

Itangopita ulendo umodzi, galimoto inabwerako bulaketi ya kumanzere itang'aluka m'mphepete mwenimweni mwa pomwe ndinawotcherera. Nyali inkagwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Zinandiwawa, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

M'mawa mwake madala anatenga waya, n'kuyamba kumupinda uku ndi uku pamalo amodzi mpaka anaduka. Ndinamva pompo. Msewu wafumbi uja wa timizere tokhala ngati malata umachita zomwezo kwa maola ambiri, ndipo chitsulo chimatopa. Bulaketi yanga inali yaitali komanso yopyapyala, choncho nyali inkavina kumapeto kwake, kulemera konse n'kumathera pa msoko. Yachiwiri ndinaifupikitsa, ndinagwiritsa ntchito chitsulo cha mamilimita 5, ndipo pakona ndinaikapo kachitsulo ka makona atatu kochirikiza. Manati wamba ndinawasiya, ndinamanga ndi aja okhala ndi pulasitiki mkati amene samasuka okha.

Kumbali ya mawaya, masamu amene ndinkawaona ngati a m'kope chabe anagwira ntchito. Mawati 120 kugawa ndi mavoti 12 zimapereka maampu 10. Switchi yaing'ono ya pa dashibodi siyenera kusenza moto wotere, n'chifukwa chake pamafunika relay, switchi imene imadzutsidwa ndi moto wochepa n'kudutsitsa moto wambiri. Mapini ake ali ndi manambala: 30 imachokera ku batire, 87 imapita ku nyali, pomwe 85 ndi 86 ndi za moto wochepa wongoidzutsa. Fyuzi ya maampu 15 ndinaiika pafupi kwambiri ndi batire, popeza ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asayake akakhudzana ndi bodi. Pomwe waya akudutsa pa bowo la chitsulo ndinaikapo kalabala. Ndi ka ndalama zochepa, koma popanda iko chitsulo chimadya waya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina utsi.

Panalinso china chimene chinandizunguza mutu masana onse. Nditalumikiza relay ku waya wa high beam, magetsi akutsogolo owala patali, nyali zanga zinkayaka pa dimu n'kumazima pa high beam. Ndinafufuza ndi test lamp, kababu koyesera ngati waya uli ndi moto, mpaka ndinapeza kuti ma Toyota ambiri amayatsa magetsi akutsogolo polumikiza earth, mbali ya negetivi yopita ku bodi, osati moto. Nditasintha polumikiza 85 ndi 86, zinayenda.

Mwiniwake anapempha kuti nyalizo zizitha kuyaka pazokha nthawi iliyonse. Apa ndinakana mwaulemu, ndipo madala anandivomereza. Ndinakulira m'mbali mwa msewu, ndipo ndikudziwa zimene zimachitikira wakabaza kapena mayi wosenza nkhuni akathobwa m'maso usiku: saonanso pomwe msewu wathera ndi pomwe ngalande yayambira. Tinazimanga moti dalaivala akangoika dimu, zowonjezera zonse zimazima nthawi yomweyo.

Galimoto isananyamuke ulendo wachiwiri ndinalemba kamzere ka penti yoyera kuchokera pa nati iliyonse kufika pa bulaketi. Yabwerako Lachisanu, fumbi lofiira lili mbuu mpaka pa boneti. Ndinapukuta ndi kansanza nati imodzi imodzi, ndipo timizere tonse tinali tikadali pamodzi.