Mchenga uli pamtsinje, wosaina akungosinthasintha

Za Lolemba ndi Lachiwiri sindichedwapo. Malipoti a mwezi, gulu la banki m'khonde lomwe mlembi wake wasowa ndi kope la ngongole, komanso kukankha njinga yamoto mtunda wonse chifukwa mafuta a kotala ino sanafikebe. Alangizi anzanga a chitukuko, izi mukuzidziwa kale. Chandikhazika pansi ndi Lachitatu.

Dera langa lili kumwera kwa Lilongwe, kupitirira Mitundu, kumene msewu m'chilimwe ndi fumbi lokhalokha, m'dzinja ndi phala. Kuli kamtsinje kamene mwezi uno mwana amangokalumpha, koma mvula ikakhazikika kamadula midzi ingapo kuti isafike kusukulu ndi kuchipatala. Makomiti atatu a chitukuko a m'midzi, ma VDC, adakhala pansi, aliyense payekha, ndipo onse adaika kamlatho pamwamba pa ndandanda, patsogolo pa mjigo ndi nyumba ya aphunzitsi. ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la Gogo Chalo, idavomereza. Ine ndidawauza zomwe tonse timanena: inu tutani mchenga ndi miyala, simenti ndi zitsulo zichokera kuboma. Adatuta. Amayi pamutu ndi ndowa, abambo pangolo, masabata atatu.

Bwana amene ankayang'anira gawo lathu adafika yekha pamtsinjepo, adayeza ndi mapazi, adalemba m'kabuku kake. Patangotha mwezi kudabwera kalata yomusamutsira boma lina. Amene adatsala anali wongogwirizira udindo, munthu wabwino ndithu, koma nyimbo yake inali imodzi: "Zandalama zazikulu tidikire eni mpando." Tidadikira mpaka dzinja lidadutsa, mchenga theka udapita ndi madzi, anthu adatutanso. Sabata ino ndiye eni mpando anafika, ndipo Lachitatu ndinawaperekeza kukawaonetsa ku ADC.

Tinakumana m'kalasi ya Sitandade 8, akuluakulu atapanikizana pamadesiki a ana, mawondo ali m'mwamba. A Gogo Chalo anatumiza nthumwi. Titatha pemphero ndi malonje, agulupu ena anaimirira chipewa chili m'manja. "Bwana, takulandirani. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ife pano tili ndi ndevu imodzi yokha yofuna kumeta, ndi mlatho." Anthu anaseka, bwana nayenso anaseka. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundinong'oneza kuti, "Mlatho uti?"

Ndinamva thukuta likutsika kumsana. Mafayilo onse ndidapereka, kawiri konse.

Bwana anayankha mwaulemu kuti angofika kumene, akaona mapepala, ndipo nkhaniyi aitengera kwa akuluakulu. Sindikuwada. Sabata yapitayo anali kwina, akudziwa mitsinje ina ndi mafumu ena. Koma mayi wina, msungichuma wa VDC imodzi, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kope lopindika, chikuto chake chitada ndi manja. Munali mayina a aliyense amene adatuta mchenga, tsiku ndi tsiku, ndi timitanda pa amene adajomba n'kulipitsidwa nkhuku kwa amfumu. Sanayang'ane bwana. Anayang'ana ine.

"Alangizi, awa ndi alendo, sitingawafunse. Amene adayeza uja adapita. Wogwirizira uja sitidamuone n'komwe. Koma inu mudaima apa, pabolodi ili, mudajambula mivi yokwera m'mwamba. Ndiye mutiuze, muvi wathu udakodwa pati?"

Mivi imeneyo ndimaijambuladi. Ndi phunziro loyamba tikamaphunzitsa makomiti atsopano: maganizo achoke m'mudzi, apite ku VDC, ku ADC, mpaka kukhonsolo. Mphamvu ku anthu. Ndondomeko imeneyi ndi lamulo la maboma aang'ono zidabwera mu 1998, ndipo ndimazinena monyadira. Zomwe sindijambula pabolodi ndi muvi wotsika, wa makalata. Makhansala oyamba adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala opanda makhansala mpaka 2014. Pakatipo, mu 2010, lamulo lija lidasinthidwa kuti bwanamkubwa wa boma azisankhidwa ndi nduna, ndipo aphungu adapatsidwa voti m'makhonsolo. Za aphunguzo khoti lidazikana mu 2025, koma kwa ife a kumudzi nkhani ikadali yomweyo: munthu amene siginecha yake imagula simenti saikidwa ndi anthu a pamtsinje, ndipo pochoka satsanzika kwa iwo. Maso ake amakhala ku Capital Hill, kumene kalata yotsatira ichokere. Ndani angamunene? Nanenso ndikanakhala pampandopo bwenzi ndikuyang'ana komweko.

Mayi aja sindinawayankhe zonsezi. Ndinangoti, "Mayi, fayilo ilipo, mawa ndikaitsata ndekha." Anapinda kope lawo, n'kunena motsitsa mawu koma kalasi yonse inamva: "Chaka chatha mpongozi wanga tidamuwolotsa pachitseko, ali ndi pakati potopa. Chaka chino chitsekocho tichisunge?" Palibe anaseka. Wapampando anafulumira kupita ku mfundo yotsatira, ya mayina a olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ndipo phokoso la kumeneko linandipulumutsa. Aka n'koyamba kuti ndithokoze mkangano wa feteleza.

Pobwerera bwana anandikweza galimoto mpaka pamsika. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kutalika kwa kamlathoko ndi matumba a simenti amene tidawerengera. Ndinawauza. Analemba m'kabuku. Kabuku kake n'kofanana ndi ka woyamba uja, kachikuto chakuda, ndipo mtima wanga unangoti fwaa.

Lachinayi ndinakwera minibasi ya ndalama zanga kupita kutauni. Fayilo ndinaipeza m'kabati, pansi pa mulu wa mafomu akale, chingwe chake chisanamasulidwe chimangireni ine. Kalata yosiyirana ntchito ndinaiona: tsamba limodzi, makiyi, matayala a galimoto, makompyuta awiri, imodzi yakufa. Za mlatho, za mijigo, za malonjezo onse amene adaperekedwa pansi pa mitengo ya mango m'dera lonse, munalibe ngakhale mzere umodzi. Matayala amawerengedwa posiyirana chifukwa a odita amawafunsa. Mlembi wa paofesipo, amene waona mabwana ambiri kuposa ife tonse, anandithandiza kujambulitsa mapepala n'kundilangiza kuti ndiike fayiloyo pamwamba penipeni pa tebulo, osati m'thireyi. Anawonjezera kuti ndisachedwe, chifukwa kukumveka mphekesera za kusamutsa kwina.

Lachisanu kunali maphunziro a komiti ya mjigo kumudzi wina, anthu khumi ndi awiri, ndipo anayenda bwino. Ndinawaphunzitsa kusunga ndalama zogulira zipangizo mjigo ukawonongeka, koma za mivi ndinadumpha. Madzulo ndinadzera pamtsinje paja. Kumwamba kunali kutachita mdima cha ku Dzalanyama. Ndinapeza anyamata awiri atumidwa ndi agulupu, akuzinga mulu wa mchenga ndi miyala ija kuti madzi oyamba asaukokolole. Mmodzi anandifunsa ngati simenti ibwere Lolemba. Ndinamuuza kuti awonjezere miyala mbali yakumunsi.