Loweruka Kuseri kwa Khoma la Damu

Lero m'mawa ndinaperekeza injiniya amene komiti ya eni nyumba inawaitana kudzayendera damu la m'dera lathu kuno ku Georgia, m'dziko la America. Ndi damu laling'ono lomangidwa ndi dothi, ndipo ntchito yake ndi yosangalatsa anthu basi: kuwedza, kupalasa timabwato ndi kupitidwa mphepo madzulo. Ndinkayembekezera kuti ayamba ndi madzi, koma bambowo anawafulatira madziwo n'kutsetserekera kuseri kwa khoma, kumene ife sitipondako n'komwe.

Kumeneko anachedwako ndithu. Anaponda paliponse pofewa, anasuzumira m'mauna a tinyama, kenako anagwada patsinde pomwe pamachucha madzi n'kutungako m'botolo. Anandifotokozera kuti damu lililonse la dothi limachucha pang'ono, koma choopsa ndi madzi amatope, chifukwa amasonyeza kuti khoma likudyeka m'kati. Athu anali oyera. Mitengo itatu ya paini imene timaikonda chifukwa cha mthunzi anailemba m'kope kuti ichotsedwe, popeza mizu ikawola imasiya njira yodutsa madzi.

Nditadandaula za mitengoyo, anandifunsa ngati ndinamvapo za Toccoa Falls, malo ena a ku Georgia komwe kuno. Kumeneko kunali damu la Kelly Barnes, la dothinso, lomwe linasiya kupanga magetsi mu 1957 n'kutsala losangalalirako. Khoma lake linamera mitengo, ndipo usiku wa pa 6 Novembala 1977, mvula itagwa kwa masiku angapo, linagumuka. Madzi anakokolola nyumba za pakoleji ya Baibulo imene inali kumunsi, ndipo anthu 39 anafa, kuphatikizapo ana ambiri. Chaka chotsatira boma la Georgia linakhazikitsa lamulo loona za chitetezo cha madamu lotchedwa Safe Dams Act.

Chimene chinandikhala pamtima ndi momwe lamuloli limagawira madamu. Kuti damu likhale m'gulu loyamba, limene boma limaliyang'anira kwambiri, safunsa kukongola kapena ntchito yake, amafunsa ngati kumunsi kuli anthu amene angafe litagumuka. Lathu lili m'gulu lachiwiri, koma injiniyawo analoza nyumba ziwiri zatsopano zimene zikumangidwa m'mbali mwa mtsinje, nati boma likhoza kulisintha gulu, ndipo zikatero ndalama zonse zokonzera zidzachokera m'matumba mwathu, chifukwa eni damu ndife.

Msungichuma wa komiti, amene sanabwere lero, ndamulembera uthenga kuti tikumane Lachiwiri. Mpaka pano sanayankhe.