Kanema wa amalume ndi malire a 2M

Amalume ali ndi kamalo kogona alendo ku Senga Bay, ndipo webusaiti yawo ndimayang'anira ndine. Loweruka lina anandipatsa foni yawo: "Mphwanga, taika kanema uyu wa asodzi akukoka khoka mbandakucha, alendo aone." Kanemayo anali 48MB. WordPress, pulogalamu yomwe timayendetsera webusaitiyo, inamukana osamuyang'ana n'komwe, pansi pa tsamba la Media palembedwa kuti malire ndi 2 MB.

Wolakwa si WordPress ayi. Malirewo ndi a PHP, chilankhulo cha kompyuta chimene WordPress imayendera, ndipo ukapanda kuwasintha amakhala pa 2M (2 MB) fayilo imodzi. Tsono hosting yathu, seva imene timagawana ndi mawebusaiti ena, ili ngati nyumba ya lendi ya mdadada: php.ini yaikulu, fayilo ya malamulo a PHP, ndi ya eni nyumba, iwe kwako ndi kachipinda kako basi.

Ndinayamba ndi .htaccess, fayilo ya malangizo a seva, n'kulembamo php_value upload_max_filesize 64M kuti ndikweze malirewo. Webusaiti yonse inagwa nthawi yomweyo, tsamba loyera mbee, 500 Internal Server Error. Amalume ali poteropo akuwerengera alendo chenji, osadziwa kanthu. Pa Apache, pulogalamu yoyendetsa seva, mzere umenewu umagwira pokhapokha PHP ikuyenda mkati mwake ngati mod_php, pomwe seva yathu siyendera njira imeneyo. Ndinaufufuta msangamsanga, webusaiti n'kudzuka.

Njira yeniyeni inali mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting. Pansi pa Software pali MultiPHP INI Editor. Umasankha domain yako, mabokosi onse n'kuonekera. Ndinaika upload_max_filesize pa 64M, kusunga, kubwerera ku Media. Ikuti 2 MB yomweyo! Apa n'kudikira chabe, chifukwa PHP imawerenganso .user.ini, fayilo yomwe zosinthazo zimalembedwamo, pakatha masekondi 300. Ndinakamwa tiyi.

Pobwera ndinapeza 8 MB, osati 64. Apa mpomwe ambiri amasokonekera. Pali malire achiwiri, post_max_size, amene amayeza katundu yense wotumizidwa, fayilo pamodzi ndi zolemba za pafomu, ndipo amayambira pa 8M. WordPress imatenga nambala yocheperapo pa ziwirizi. Kukuza dengu la usipa khomo likadali laling'ono, silingalowe. Ndinaika post_max_size pa 80M kuti ipose inzakeyo. Ndinakwezanso malire a nthawi, max_input_time ndi max_execution_time, kufika masekondi 300, poti netiweki ya kunyanja masana imayenda ngati nkhono, ndipo masekondi ochepa amene PHP imapereka satha kanthu.

Mukachita zonsezi koma n'kuona 413 Request Entity Too Large, musavutike nazo. Kawirikawiri ameneyo ndi Nginx, pulogalamu ina yolandira zinthu pakhomo la seva, ndipo makiyi ake ali ndi eni seva. Alembereni, apo ayi lowetsani fayilo pa FTP, njira yotumizira mafayilo mwachindunji ku seva, ndi pulogalamu ya FileZilla.

Kanema analowa usiku cha m'ma 10, pa hotspot ya foni yanga, bandulo yanganso. M'mawa amalume anamuonera kawiri, akumwetulira, kenako n'kunditumizira wina wa dzuwa likutuluka panyanja, 310MB. Ameneyo ndinamuika pa YouTube, pa webusaiti ndangoikapo linki.