Ndasayina kontirakiti, koma Lolemba lija likundiwawabe

Lachisanu lapitali ndasayina kontirakiti ya ntchito yokhazikika, patatha zaka ziwiri ndikuzungulira ndi nyali za sola kuno ku Salima, kuchokera pa Kamuzu Road mpaka kwa Khombedza. Anyamata ambiri akundifunsa kuti ntchito yogulitsa malondayi imalipira bwanji, ndiye ndingofotokozera pano kamodzi.

Poyambira palibe malipiro, musanamizidwe. Amakutchani ejenti, kukuvekani sikipa ya kampani, basi. Mukagulitsa mudya, mukapanda kugulitsa mugona ndi njala. Mu June ndi July anthu akagulitsa mpunga ku Lifuwu, kapena usipa ukagwa ku Senga Bay, komishoni imakoma mpaka kudziona ngati bwana. Ikafika January palibe wogula nyali, aliyense akusaka chimanga. Miyezi yotereyi ndinkalephera kufika ngakhale pa K90,000, malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa mu February 2024. Pa komishoniyo amadulaponso msonkho wa 20 peresenti isanalowe pa foni. Ine ndinkayesa akundibera, mpaka mnzanga adandiuza kuti nditenge TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku MRA ndiponso ndizipempha chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wadulidwadi. Gulani kope, muzilembamo malonda aliwonse: tsiku, dzina la wogula, nambala ya katundu.

Mukakwanitsa tageti miyezi ingapo yotsatizana, kukampani kwathu amayamba kukupatsani kangachepe ka pamwezi ka mayunitsi ndi thiransipoti. Si malipiro amenewo, ndi ya kabaza chabe. Malipiro enieni amayamba mukalembedwa ntchito: besiki (malipiro okhazikika a pamwezi), komishoni pamwamba pake, ndi penshoni, inu 5 peresenti, kampani 10 peresenti. Apa ndi pamene ndafika ine.

Koma kuti ndifikepo! Adandiimbira kuti ndikapezeke ku likulu la kampani ku Lilongwe Lolemba 8 koloko m'mawa, ndi chiphaso cha unzika, fotokope ya satifiketi ya MSCE yodindidwa, kalata ya kupolisi, zithunzi ziwiri ndi nambala ya akaunti ya kubanki. Zonsezo ndidakonza, sizivuta. Ndidadzuka tambala woyamba, kukakhala m'minibasi yosadzadza mpaka dzuwa kutuluka, kondakitala akungoti tikunyamuka pompano. Makilomita pafupifupi 100 a msewu wa M14, mwana wa eni pamiyendo panga, envulopu ndaikweza m'mwamba kuti isakwinyike. Ndidafika mochedwa ndi theka la ola, thukuta lili kamukamu, ndikupepesa kwa mlonda, kwa mayi wa pa resepishoni, kwa aliyense.

"Khalani pamenepo achimwene, abwana abwera."

Ndidakhala. 10 koloko, 12 koloko, anthu kupita kukadya, kubwerako akutokosa m'mano. Ine mandasi awiri okha, poopa kuti ndikachoka andiitana. Cha m'ma 3 ndidadzukanso kukafunsa mwaulemu wonse. Mayi uja adayang'ana pa kompyuta nati: "Iii, pepani bambo, sadakuuzeni? Abwana ali ku msonkhano sabata yonse ino. Ku Senga Bay."

Ku Senga Bay! Kwathu! Munthu woti ndikadamupeza pa njinga yamoto chakudya cha m'mawa chisanazizire, ine ndamulambalala kukamudikira ku Lilongwe. Mwina tidaphonyana pamsewu pomwepo, iye m'galimoto yozizira, ine nditapanikizidwa ndi matumba a makala. Ndalama ya ulendo palibe adandibwezera. Tsiku lonse osagulitsa ngakhale nyali imodzi, ndipo panthawiyo ndinali ndikadali wa komishoni, ndiye tsikulo lidangopita m'madzi. Ndidafika kunyumba usiku, mkazi wanga adangondiyang'ana n'kupita kukatenthetsa ndiwo. Imbani foni musanakwere minibasi, ndipo mulankhule ndi mwini wake wosayinayo, osati wa pa resepishoni.

Ndaiwala chinthu china cha ku uejenti. Nyalizi anthu amalipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Wogula akasiya kulipira, kampani imakulandani komishoni ija poidula pa malonda a mwezi wotsatira. Palibe adandiuza zimenezi polowa. Ndidazindikira mwezi wina nditagulitsa bwino koma ndalama n'kubwera yoperewera. Kope lija ndi limene lidandipulumutsa, chifukwa anthu awiri amene adawaika pa dzina langa sindidawagulitse ine. Gulani kope.

Za pamwamba panga ndikuuzani zimene ndimaona ndi maso. Supavaiza wathu besiki yake siyitalikirana kwambiri ndi yanga, koma amadyako pa malonda a gulu lonse, ali ndi njinga yamoto ndi mafuta a kampani. Tikagona ife, iyenso wagona ndi njala, n'chifukwa chake amaimba foni ngakhale Lamulungu. Manijala woyang'anira Salima ndi Nkhotakota mpaka ku Dwangwa ndiye ali pabwino: galimoto, besiki yonona, bonasi ikakwana tageti. Mukamakwera, gawo lotsimikizika limakula, la mwayi limachepa.

Posayina funsani kuti besiki ndi zingati payokha. Ine adayamba kunditchulira chiwerengero chokoma, chophatikiza komishoni ya munthu wokwanitsa tageti mwezi uliwonse, chinthu chimene sindidachionepo chikuchitika mu February. Nditaumirira ndi pamene besiki yeniyeni idatuluka, yochepera theka la chiwerengero chija. Funsaninso za PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro. Mu April 2024 adakweza gawo losadulidwa msonkho kufika pa K150,000, ndipo komishoni ikakukwezani kupitirira malire a nthawiyo, msonkho umaluma pa yapamwambayo.

Kontirakiti idabwera ndi supavaiza pa njinga yamoto, ndidasayinira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi depoti, n'kujambula tsamba lililonse pa foni. Ndiye kuti ku Lilongwe kuja kunalibe chifukwa chopitirako n'komwe. Komishoni ya anthu awiri aja akuti ibwera mwezi wa mawa, ndalemba kale m'kope.