Mizere yakuda ya m'bafa ndiyo inatipatsa ntchito ku Mzuzu

Bizinesi yathu inayamba ngati yokonza m'nyumba basi: kukolopa, kupukuta mawindo, kuchapa makapeti. Koma eni nyumba zalendi ku Katoto, Chibavi ndi Luwinga, komanso a malo ogona alendo, ankatiyitanira chinthu chimodzimodzi. Matailosi a m'shawa ali bwinobwino, akuwala, koma mizere ya pakati pake yada bii, ndipo wofuna kulowa m'nyumbamo akangosuzumira m'bafa amabwerera pakhomo. Tinaona kuti ntchito imeneyi anthu ambiri amaizemba, choncho tinasiya zinazo n'kuika mtima pa mabafa okha.

Mzuzu amatidyetsa chifukwa cha nyengo yake. Mvula kuno imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira, kumachita chifunga ndi mawawa. Anthu amatseka mawindo a bafa poopa mphepo, amasamba madzi otentha, nthunzi n'kukhala pakhoma tsiku lonse. Grout, simenti yosalala ija amamata pakati pa matailosi, ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Imamwa madzi, imasunga sopo ndi mafuta a m'thupi, ndipo nkhungu imapeza chakudya ndi chinyezi pamalo amodzi.

Chimene chimatisiyanitsa ndi munthu wongogwira burashi n'chakuti sitithira mankhwala tisanadziwe kuti banga lake ndi lamtundu wanji. Madontho akuda, makamaka m'munsi mwa khoma ndi m'makona, imeneyo ndi nkhungu. Zotuwa zoterera mukazikhudza, ameneyo ndi sopo wouma. Zoyera zolimba pansi pa mpopi ndi mchere wa m'madzi, ndipo zimachuluka m'nyumba zomwa madzi a pa mjigo. Zofiirira ndi dothi lakatondo lobwera ndi mapazi, kapena dzimbiri lochokera ku paipi. Chilichonse chili ndi mankhwala ake, ndipo mankhwala a chimodzi amatha kuipitsa chinzake. Jik pa dzimbiri sachotsa kanthu, nthawi zina banga limangokhazikika.

Timayamba ndi kuchotsa sopo wouma chifukwa amaphimba nkhungu, mankhwala osaifikira. Timasungunula sopo wotsukira mbale m'madzi ofunda, kukwecha khoma lonse n'kutsukuluza. Pa mizere peniyeni timapaka soda wophikira uja: masupuni atatu a soda pa supuni imodzi ya madzi, zikhale ngati phala lolimba. Akhalepo mphindi 10, kenako tikweche ndi burashi yolimba ya pulasitiki, motsata mzere. Mswachi wakale umathandiza m'makona mokha, pa khoma lonse umafewa msanga. Burashi yawaya ndi sitiliwulu ayi ndithu. Zimakumba grout, zimakanda tailosi, ndipo tizidutswa ta waya totsalira timachita dzimbiri, mawa mwadzipangira banga latsopano.

Nkhungu ikatsala, ndipo kawirikawiri imatsala, pamenepo mpamene timatulutsa Jik. Kapu imodzi ya Jik pa makapu anayi a madzi ozizira. Madzi otentha amafooketsa mankhwalawa komanso amatulutsa fungo lotsamwitsa. Vuto la pakhoma ndi lakuti madzi amatsetsereka asanagwire ntchito, ndiye timapota tishu ngati chingwe, kumuviika m'mankhwalamo n'kumumata pamzere. Pakatha mphindi 15 kapena 20 timachotsa, kukwecha pang'ono, n'kutsukuluza ndi madzi ambiri. Zenera ndi chitseko zikhale zotsegula, m'manja muli magolovesi. Ngati grout ndi yamtundu, ya bulauni kapena yotuwa, timayamba tayesa pakona pobisika chifukwa Jik amasulutsa utoto. Zikatero timagwiritsa ntchito hydrogen peroxide wa 3 peresenti, wopezeka ku famase, kumusakaniza ndi soda kuti apange phala. Amachedwerapo koma kawirikawiri sawononga mtundu.

Apa tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amavulala. Jik asakumane ndi viniga, asakumane ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi monga Harpic, asakumanenso ndi chotsukira chilichonse chokhala ndi ammonia. Jik ndi asidi zimatulutsa mpweya wa klorini, woyabwa m'maso ndi wopweteka m'mapapo, ndipo bafa ndi kachipinda kakang'ono. Pali chikhulupiriro chakuti kusakaniza kumawonjezera mphamvu. Sikuwonjezera, kumangodwalitsa. Antchito athu amadziwa lamulo: mankhwala amodzi pa nthawi imodzi, kutsukuluza bwino, kenako ena. Wogwira ntchito m'nyumba mwanu muuzeninso zimenezi, chifukwa ndiye amakhala m'bafamo chitseko chili chotseka.

Viniga ali ndi malo ake. Pa mchere woyera wa pansi pa mpopi, theka viniga theka madzi, mphindi zisanu, kenako kutsukuluza. Pa dzimbiri laling'ono, madzi a ndimu ndi mchere wa patebulo zimathandiza. Koma asidi aliyense amadya simenti, choncho si wa sabata ndi sabata, ndipo pa mwala wa mabo (marble) kapena terazo asafikepo n'komwe chifukwa amachotsa kuwala kwake kosabwereranso. Chimene timadana nacho kwambiri ndi spirits of salts, asidi wamphamvu amene amisiri ena amatsukira simenti akamaliza kumanga. Tsiku loyamba mizere imayera mbee, mwini nyumba n'kusangalala. Koma pamwamba pa grout padyeka, timabowo takula, ndipo nkhungu ikabwerera imalowa mozama kuposa kale. Mabafa ambiri amene timawafukula grout anadutsa m'njira imeneyi.

Pali mabanga ena osatsukika, ndipo kasitomala timamuuza tisanalandire ndalama yake. Silikoni wa m'makona ndi m'mphepete mwa beseni la shawa akada, nkhungu yamera mkati mwake. Timamudula ndi mpeni wakuthwa, kupala zotsalira, kupukuta ndi spiriti, kudikira paume gwa, n'kuika silikoni watsopano wa m'bafa, wolembedwa kuti amaletsa nkhungu. Pakhale maola 24 madzi asanagwerepo. Grout ikakhala yofumbutuka mukaikanda ndi msomali, kapena yang'ambika, timaifukula mamilimita osachepera atatu n'kumata ina. Kupaka yatsopano pamwamba pa yakale ndi kutaya ndalama, imasupuka pakangopita miyezi yochepa. Posakaniza, madzi asachuluke: grout yamadzimadzi imaphweka kumata koma ikauma imakhala yofooka ndi yamabowo ambiri. Shawa isagwiritsidwe ntchito masiku awiri kapena atatu, ndipo nyengo yozizira ya kuno timasankha atatu. Grout ikauma bwino, motsata zolembedwa pabotolo, timapaka sealer, mankhwala otseka timabowo tija, ndi kaburashi kakang'ono kuti madzi asamalowe, ndipo ameneyu amafunika kubwereza pafupifupi chaka ndi chaka.

Ntchito zina timakana. Tikagogoda tailosi n'kumva kuti kuseri kuli mphako, kapena penti wa khoma la chipinda choyandikana akutukusira, ndiye kuti madzi ali kuseri kwa matailosi, mwina paipi ikudontha m'khoma. Pamenepo pakufunika pulambala, osati ife. Titati titsuke, nkhungu ibwerera mwezi usanathe ndipo dzina loipa lidzakhala lathu. Mzuzu ndi tauni yoti anthu amadziwana, makasitomala athu ambiri amabwera chifukwa mnzawo anawauza pa WhatsApp.

Mtengo timawerengera kukula kwa khoma ndi mtundu wa ntchito, kutsuka pakokha kapena kufukula, ndipo sititchula pafoni tisanaone bafalo. Malo ogona alendo timapangana nawo zobwera mwezi ndi mwezi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Ogasiti pamene makoma sauma msanga. Kwa a m'nyumba timasiya malangizo aafupi: mukasamba kokani madzi a pakhoma ndi kamphira kopukutira magalasi kapena chinsanza chouma, zenera likhale lotsegula kwa theka la ola ngakhale kukuzizira, matawulo onyowa akayanikidwe panja, ndipo kamodzi pa sabata mizere ikwechedwe ndi soda.