Gasiketi ya hedi ikapsa: kuizindikira ndi kuisintha pakhomo

Mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Salima, galimoto yodzaza katundu ikamakwera zitunda za msewu wa M14 kupita ku Lilongwe, injini ya radiyeta yofooka sichedwa kuwira. Ikawira kawiri katatu, hedi (chigawo chapamwamba cha injini) ya aluminiyamu imapindika pang'ono, gasiketi yomata pakati pa hediyo ndi block (thunthu la injini) n'kusiya kugwira. Nthawi zambiri gasiketi siipsa yokha. Chimaipsereza ndi kutentha, ndipo mukapanda kupeza gwero la kutenthako, yatsopanoyo ipsanso.

Musafulumire kumasula injini chifukwa cha chizindikiro chimodzi. Utsi woyera wa m'mamawa umene umatha injini ikatentha ndi nthunzi chabe. Woopsa ndi wosatha, wonunkhira motsekemera, uku madzi akuchepa m'radiyeta koma pansi osadontha. Injini ili yozizira, tsegulani chivundikiro cha radiyeta, dzazani madzi, lizani. Thovu likamatuluka mosalekeza, kapena payipi yapamwamba ikauma gwa musanathe mphindi ziwiri, mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka pa dipstick (kandodo koyezera oyilo), madzi alowa kale m'oyilo. Musayendetsenso, mabeyaringi angathe. Mukachotsa mapulagi, imodzi yoyera mosiyana ndi zinzake ikuonetsani silinda imene ikumwa madzi. Compression tester, chida choyezera kupanikizika kwa mpweya m'silinda, imatsimikiza bwino: masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yaboola pakati pawo.

Manambala otsatirawa ndi a injini ya Toyota 1NZ-FE, ya mu Probox ndi Sienta zambiri zimene zili m'misewu yathu. Injini ina ili ndi ake, muwafufuze. Mufunika gasiketi ya hedi, ya exhaust ndi ya kavala ya mavavu, silikoni wa kavala ya tcheni, malita 4 a oyilo, fyuluta, coolant (madzi oziziritsa injini), torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), feeler gauge (timapale toyezera mpata) ndi sipanala ya 8 mm bi-hexagon ya mabawuti a hedi. Torque wrench ngati mulibe, bwerekani. Kumanga mongoyerekeza ndi mkono n'kumene kumabweza ntchito zambiri.

Injini izizire kaye. Chotsani waya wa negative pa batire, khuthulani madzi ndi oyilo, ndipo jambulani ndi foni waya aliyense musanamuzule. Ikani silinda yoyamba pa TDC (pisitoni ili pamwamba penipeni), muone kuti zizindikiro za tcheni zalunjika. Pa injini imeneyi kavala ya tcheni imachoka mutamasula mounting (chogwiriziza injini) ya mbali imeneyo, choncho chirikizani injini ndi jeke, thabwa lili pakati. Ma camshaft akachoka, masulani mabawuti 10 a hedi kuyambira kunja kulowera pakati, pang'onopang'ono, mozungulira katatu. Kumasula imodzi mpaka kumapeto kumapinda hedi.

Tsopano hedi. Palani zotsalira za gasiketi yakale ndi chopalira cha pulasitiki. Sandpaper ndi chitsulo zimakanda aluminiyamu. Gonekani chitsulo choongoka pamwamba pake, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, muyese ndi feeler gauge. Malire ndi 0.05 mm. Ikapitirira, hediyo ipite kokasikima (kukaisalaza pa makina), ndipo kumeneko muwapemphe amisiri ayeseretu ngati ilibe mng'alu, chifukwa hedi yong'aluka imaonetsa zizindikiro zofanana ndi za gasiketi. Ulendo wokasikimitsa ku Lilongwe umaoneka wodula, koma kumasula kachiwiri n'kodula koposa. Muyesenso block.

Mabowo a mabawuti aume. Madzi kapena oyilo otsalira pansi pa bowo amanamiza torque wrench, mwinanso kung'alula block. Ngati mchenga ukuuluka, monga zimakhalira ku Senga Bay kukawomba mwera, phimbani masilinda ndi nsalu yoyera. Gasiketi iikidwe youma, nambala yake ikuyang'ana kumwamba. Ena amaipaka silikoni kapena girisi, ati igwire bwino, musatero. Bawuti yotamuka kapena yadzimbiri muisinthe. Pakani oyilo pang'ono pa mazinga, mangani kuyambira pakati kupita kunja mpaka torque wrench ifike pa 29 Nm, lembani kadontho ka penti pamutu pa bawuti iliyonse, zungulizani madigiri 90, kenako 90 enanso m'ndondomeko yomweyo. Mukabwezera tcheni, zungulizani injini ndi sipanala kawiri musanaiyatse. Ikakakamira penapake, timing yaphonya, kutanthauza kuti tcheni sichinakhale pa zizindikiro zake.

Musanayende, fufuzani chimene chinayambitsa. Kodi fani ikuyaka? Chivundikiro cha radiyeta chikugwira? Water pump sikudontha? Radiyeta zambiri kuno zimatsekeka ndi madzi a pa mjigo, amene amasiya zoyera zolimba m'timapayipi, choncho itsukidwe ndipo muthire coolant. Thermostat (vavu yotsegulira madzi injini ikatentha), imene amakaniko ena amakonda kuitaya, gulani yatsopano muibwezere. Pothira coolant, tsegulani hita mpaka kumapeto, injini ilire chivundikiro chili chotsegula kufikira thovu litatha ndi fani itayaka. Ngati madzi analowa m'oyilo, sinthaninso oyilo ndi fyuluta mukayenda masiku ochepa, ndipo sabata yoyamba muziona mlingo wa madzi m'mawa uliwonse injini isanalire.